Kodi Mpeni Wotengera Wakale Ndi Bodza?

Ku United States of America kuli amisiri amene nchito yawo ndi kusula mipeni yofanana ndi imene alenje a kumeneko ankayenda nayo zaka pafupifupi 200 zapitazo. Citsulo amacisula ndi nyundo pamoto, cigwiriro amacisema kucokera ku nyanga ya gwape kapena ku mtengo wolimba, ndipo cimake amacisoka ndi manja pacikopa cofufuta. Ena amakhomerapo timisomali ta mkuwa, ena amasokerapo mikanda. Akamaliza, ambiri amaupaka mpeniwo viniga kuti citsulo cide, cioneke ngati cadya zaka. Ogula ambiri ndi anthu amene amakonda kusonkhana kuthengo masiku angapo, atavala zikopa, akugona m'matenti ndi kuombera mfuti za gogodera, kuyerekeza moyo wa makolo awo. Bungwe lina la anthu otere, National Muzzle Loading Rifle Association, linayamba mu 1933, ndipo mpaka lero limacititsa misonkhano yake ku Friendship, m'cigawo ca Indiana.

Wina angafunse kuti za anthu akutali cotere zikutikhudza bwanji ife a m'midzi ya m'malire. Zikutikhudza cifukwa funso limene mpeni umenewu ukubweretsa timakumana nalo tsiku lililonse la msika. Foni ili ndi dzina la kampani imene sinaipange, nsapato ili ndi cizindikiro cobera, cimanga wamba capakidwa utoto kuti cioneke ngati mbewu ya m'fakitale. Tinazolowera kunena kuti cinthu cotengera cinzake n'cabodza basi. Koma kodi zili conco nthawi zonse? Munthu akapanga lero cinthu ca maonekedwe a dzana, akusunga mbiri kapena akunamiza anthu? Ndikufuna tiganizire funsoli pamodzi, ndipo kuti tiliganizire bwino tiyenera kudziwa kaye kumene mipeniyi inacokera.

Malire amene Aamerika amawakumbukira m'mipeni imeneyi sanali ngati athu, okhala ndi cipata, asilikali ndi cidindo. Anali mzere wosakhazikika, pamene midzi ya azungu inkathera ndi pamene maiko a eni nthaka ankayambira, mitundu monga Lakota, Cheyenne, Crow, Shoshone ndi Blackfeet. Caka ndi caka mzerewo unkasunthira kumadzulo. Amene ankatsogola anali alenje ochera misampha ya kanyama ka m'madzi kochedwa beaver, kamene ubweya wake unkapangidwa zipewa zodula ku Ulaya. Kuyambira mu 1825 mpaka mu 1840, alenjewa ankakumana kamodzi pacaka m'mapiri a Rocky ndi amalonda obweretsa onga, zipolopolo, fodya, mowa, mikanda ndi mipeni, n'kusinthana ndi zikopa. Misonkhanoyi anaiyambitsa wamalonda William Ashley. Kwa mlenje wotere mpeni unali zonse. Ankasendera nyama, kudyera, kusemera zikhomo za misampha, ndipo zikavuta ankadzitetezera nawo.

Mipeni iwiri ndiyo inachuka kwambiri, ndipo ndiyo imene amisiri a lero amakonda kutengera. Woyamba uli ndi dzina la Jim Bowie. Mu 1827, pamcenga wa mumtsinje wa Mississippi pafupi ndi tawuni ya Natchez, panabuka ndewu ya magulu awiri. Bowie anamuombera ndi kumubaya, koma iye anapha mdani wake ndi cimpeni cacikulu. Nyuzipepala zinafalitsa nkhaniyo, ndipo anthu anayamba kupita kwa osula kukapempha mpeni wonga wa Bowie. Mkulu wake, Rezin Bowie, analemba pambuyo pake kuti ndiye anakonza mpeni woyambawo kuti ukhale wosakira nyama. Ena amati unasulidwa ndi James Black wa ku Washington, m'cigawo ca Arkansas. Akatswiri a mbiri akutsutsanabe za maonekedwe ake enieni. Waciwiri ndi mpeni wa Green River, wa fakitale imene John Russell anatsegula mu 1834 ku Greenfield, m'cigawo ca Massachusetts. Unali mpeni wamba wodulira nyama, wa cigwiriro ca mtengo, wochipa.

Pamenepa pali cinthu cimene cimasokoneza maganizo athu a cinthu ceniceni ndi cinthu cotengera. Mipeni yambiri ya Bowie ya nthawi imeneyo, imene lero anthu amaisunga ngati cuma, inasulidwa ku Sheffield, ku England, m'mafakitale onga a George Wostenholm. Anaipanga anthu amene sanaonepo mtsinje wa Mississippi, pongomva kuti ku America kuli msika. Nayonso inali yotengera. Dzina la Green River nalo limanamiza ambiri, cifukwa amaganiza kuti likunena mtsinje wa ku Wyoming kumene alenje ankakumana, pamene likunena kamtsinje ka ku Massachusetts kamene fakitale inamangidwa m'mphepete mwake, makilomita zikwi kum'mawa. Conco mpeni wakale umene timati weniweni nthawi zambiri unali katundu wa m'fakitale, wopangidwa mwaunyinji. Wa lero umene timati wotengera ndi umene munthu mmodzi wautayira masiku ndi thukuta. Ukalamba pawokha sutsimikiza kuti cinthu n'capamwamba, ndipo kukhala catsopano sikutsimikiza kuti n'cacabe.

Ndiye ndikuti kutengera pakokha si bodza. Kunena zoona, luso lililonse limakhala ndi moyo cifukwa ca kutengera. Mwana wa woumba mbiya amayamba ndi kuumba mbiya ya amayi ake, woluka nsengwa amatsata kalukidwe ka agogo ake. Mpeni wakale ukaikidwa m'galasi m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, timaona maonekedwe ake okha. Nzeru imene inaupanga simakhala m'galasimo. Imakhala m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti citsulo cikafiira mpaka maginito kuleka kucigwira, pa madigiri pafupifupi 770, ndiye kuti catsala pang'ono kufika pociviika m'mafuta. Munthu yemweyo amadziwa kuti cikacoka m'mafutamo cimakhala colimba koma cosweka ngati galasi, ndipo ciyenera kubwerera pamoto wocepa, wa madigiri pafupifupi 200, kuti cisathyoke. Amadziwanso kuti tupa yakutha kapena sipuling'i ya galimoto yakale imatulutsa mpeni wabwino, cinthu cimene osula athu a pamsika akucidziwanso.

Ku America komweko luso losula mipeni ndi nyundo linatsala pang'ono kufa, cifukwa mafakitale ankadula mipeni ndi makina mochipa. Mu 1976 wosula Bill Moran ndi anzake anayambitsa bungwe la American Bladesmith Society kuti lusoli lisathe. Munthu wofuna kuvomerezedwa ndi bungweli amayesedwa poyera. Mpeni wake uyenera kudula kamodzi kokha cingwe cocindikala colendewera, udule thabwa kawiri, ukatero uzimetabe tsitsi la pamkono, ndipo pomaliza aupane n'kuupinda mpaka madigiri 90 popanda kuthyoka. Mpeni wopambana mayeso otere sunganenedwe wabodza, ngakhale maonekedwe ake atatengedwa ku mpeni wa mu 1830. Umagwira nchito imene ukulonjeza. Nsapato ya cizindikiro cobera imatinyansa cifukwa imalonjeza kulimba kumene ilibe, ndipo imang'ambika mvula isanathe.

Tsono bodza limalowera pati? Ine ndikuona makomo atatu, ndipo loyamba ndi la zaka. Mipeni ya Bowie ya zaka za m'ma 1800 imagulidwa ndi madola zikwi zambiri, ndipo kumene kuli ndalama zotere akathyali sasowa. Munthu amatenga mpeni watsopano, n'kuudyetsa dzimbiri, kuukanda, kuudinda dzina la fakitale imene inatsekedwa kalekale, n'kuuza wogula kuti unali wa agogo a agogo ake. Uku ndi kuba, palibe dzina lina. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma taonani kuti wakubayu ndi mmisiri woona mtima amagwiritsa nchito viniga yemweyo ndi dzimbiri lomwelo. Kusiyana kwawo kuli pa zimene wogula wauzidwa. Pa wailesi timaulutsa masewero, ndipo munthu amene akusewera ngati mfumu sanama, popeza omvera onse akudziwa kuti ndi sewero. Akangotuluka panja n'kuyamba kugawa minda ya anthu m'dzina la ufumu umenewo, wasanduka wacinyengo.

Komabe mmisiri sangathawe mlandu pongonena kuti iye anamuuza wogula zoona. Mpeni umakhala nthawi yaitali kuposa munthu. Wogula woyamba amamwalira, ana ake amagulitsa katundu, mpeni umafika m'manja acitatu ndi acinayi, ndipo mau amene ananenedwa tsiku la malonda sayenda nawo. Cimene cimayenda nawo ndi cimene calembedwa pacitsulo. N'cifukwa cake amisiri osamala amadinda dzina lawo kapena cizindikiro cawo mozama, ena n'kuonjezera caka. Amene wakalambitsa mpeni mwaluso n'kusiya osaudinda wachera msampha umene udzagwira munthu amene sadzamuona. Mwina iye sananame ndi pakamwa, koma wasula cida cimene wina adzanamira. Kuona mtima kwa mmisiri kuyenera kufika mpaka kwa wogula amene sanabadwe.

Khomo laciwiri ndi la manja. Zimake zokongola kwambiri za nthawi imeneyo sizinasokedwe ndi alenje aciyera. Zinasokedwa ndi amayi a mitundu ya eni nthaka, amene ankafufuta zikopa pogwiritsa nchito ubongo wa nyama ndi utsi, n'kuzikongoletsa ndi minga ya nungu yoviikidwa mu utoto, ndipo pambuyo pake ndi mikanda. Alenje ambiri anakwatira amayi amenewa, ndipo zovala ndi zimake zawo zinkacokera m'manja mwa akazi awo. Pakati pa Acheyenne, nchito ya minga ya nungu inali ndi gulu lake la amayi, lokhala ndi mwambo wolowera, ndipo sankangoiyamba aliyense. Zidzukulu za amayi amenewa zilipo lero, ndipo zina zimadya za mikanda yomweyo. Mlendo akasoka cimake ca maonekedwe a Cilakota n'kucigulitsa ngati casokedwa ndi Mlakota, waba kawiri. Wabera wogula, ndipo walanda cakudya pakamwa pa mwini luso.

Boma la America linaona vutoli, ndipo mu 1990 linakhazikitsa lamulo lochedwa Indian Arts and Crafts Act. Munthu wogulitsa cinthu ngati capangidwa ndi mwini nthaka pamene si conco angalipitsidwe mpaka madola 250,000, kapena kumangidwa mpaka zaka 5, kapena zonse ziwiri, pamlandu woyamba. Cimene ndikufuna muone m'lamuloli ndi pamene linaika malire. Silinaletse munthu kusoka cimake cofanana ndi ca eni nthaka. Linaletsa kunama za amene wacisoka. Ndikuganiza kuti anaweruza bwino, koma lamulo silimaliza zonse. Pali zizindikiro zina zimene eni ake amaziyesa zopatulika, ndipo munthu angazitengere popanda kuswa lamulo koma n'kukhala ataswa ulemu. Ife tikuzidziwa izi. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 ngati cuma ca Mozambique, Malawi ndi Zambia, ali ndi zinthu zimene wosema angagulitse kwa alendo popanda wina kudandaula, ndipo ali ndi zina za kudambwe zimene sizipita pamsika. Wofuna kudziwa kusiyana kwake amafunsa eni ake.

Khomo lacitatu ndi lovuta kuposa enawa, cifukwa pamenepa munthu anganame osanenapo mau abodza ngakhale amodzi. Ndi khomo la nkhani. Mpeni wa mlenje umagulitsidwa pamodzi ndi loto la munthu waufulu, wolimba mtima, woyenda yekha m'dziko lopanda mwini. Kulimba mtimako kunalipodi. Hugh Glass, atang'ambidwa ndi cimbalangondo mu 1823 n'kusiyidwa ndi anzake, anakwawa ndi kuyenda ulendo wautali mpaka anapulumuka. Koma dzikolo linali ndi eni ake. Jim Bowie, amene dzina lake lili pamipeni yosawerengeka, anapeza cuma pozembetsa akapolo a ku Africa mogwirizana ndi Jean Lafitte, ngakhale kuti America inali italetsa kulowetsa akapolo kuyambira mu 1808. Mipeni yosendera ya mtundu wa Green River ndi imene inasenda njati za ku America, zochedwa bison. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zinalipo mamiliyoni makumi angapo. Njanji itadutsa dziko lonse mu 1869, alenje ankazipha cifukwa ca zikopa zokha, nyama n'kuisiya kuti iole. Pofika mu 1889 William Hornaday anawerengera kuti zatsala pafupifupi 1,000.

Njati zitatha, mitundu imene inkadalira nyama, zikopa ndi mafupa ake inagwa m'njala ndipo inakakamizidwa kukhala m'malo ocepa amene boma linaipatsa. Mu 1890 asilikali anapha amuna, akazi ndi ana ambiri a Cilakota ku Wounded Knee, ndipo kalembera wa caka comweco anasonyeza kuti mzere wa malire aja watha. Zonsezi ndi mbiri ya mpeni womwewo. Ngakhale mikanda ya pacimake ili ndi nkhani yake. Yambiri inkacokera ku Venice ndi ku Bohemia, ndipo mikanda ya ku Venice inkafikanso kuno kwathu kudzera m'cigwa ca Zambezi pamodzi ndi nsalu, n'kusinthidwa ndi minyanga ya njovu ndi anthu. Makolo athu anaona malonda a mtundu womwewo, pamene nyama ndi anthu zinkapita kunyanja ndipo kumudzi kunkatsala timikanda.

Pano wina anganditsutse, ndipo mtsutso wake uli ndi mphamvu. Anganene kuti wosula si mphunzitsi wa mbiri. Mpeni ulibe chimo. Womwewo umadula ndiwo, womwewo umapha munthu, ndipo mlandu ndi wa dzanja. Mmisiri wa lero sanaphe njati ndipo sanagulitse kapolo. Nanga n'cifukwa ciyani asenze katundu wa anthu amene anafa iye asanabadwe? Ndikuvomereza kuti mlandu wa makolo sugwera mwana, ndipo sindikunena kuti aleke kusula. Koma tifunse cimene wogula akulipira. Mpeni wodulira nyama angaupeze m'sitolo iliyonse pamtengo wocepa. Akapereka madola mazana angapo pa mpeni wa cigwiriro ca nyanga, mbali ina akulipira thukuta la mmisiri, ndipo mbali ina akulipira nkhani. Mmisiri akanakhala kuti akugulitsa citsulo cokha, bwenzi mtsutsowu utapambana. Popeza akugulitsanso nkhani, nkhaniyo ndi katundu wake, ndipo wogulitsa katundu ayenera kupima ndi muyeso wodzaza.

Muyeso wodzaza sutanthauza kuti pamalonda aliwonse pakhale maliro. Utanthauza kusacotsa dala mbali imene ikuwawa. Utanthauzanso kubwezera m'nkhani anthu amene anafafanizidwamo, monga amayi osoka zimake aja, kapena James Beckwourth, amene anabadwira mu ukapolo ku Virginia n'kudzakhala mlenje wochuka ndi kukhala zaka zambiri pakati pa Acrow. Ndipo pamenepa mpeni wotengera uli ndi mphamvu imene buku lilibe. Mwana akaugwira m'manja, akumva kulemera kwake, amafunsa yekha kuti unkagwira nchito yanji, ndipo unali wa yani. Funso limenelo ndi khomo lotseguka. Wamkulu angalowetsepo mbiri yonse, yokoma ndi yowawa, kapena angalowetsepo theka lokoma lokha. Mpeni ndi womwewo, koma ana awiriwo adzakula mosiyana. Mmodzi adzadziwa kuti dziko limene akukhalamo linali ndi mtengo umene ena analipira, winayo adzakhulupirira kuti makolo ake analipeza lopanda munthu.

Kwa ife, nkhaniyi ili ndi cenjezo ndi cilimbikitso. Makolo athu a Cimaravi ankadziwika kutali cifukwa ca citsulo. Ankasungunula miyala m'ng'anjo zadothi, n'kusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, ndipo makasu awo ankayenda m'malonda mpaka kutali. Ng'anjozo zinazima, ndipo wosula wa lero amadalira zitsulo zotayidwa. Zinazima cifukwa panafika nthawi imene palibe amene ankatengeranso. Conco mnyamata akakhala pambali pa mvukuto wa nkhalamba n'kuyesa kusula kasemasema kapena mpeni wa maonekedwe a agogo, tisamuseke kuti akubwerera m'mbuyo. Akucita cinthu cokhaco cimene cingasunge lusolo. Cimene tiyenera kumupempha ndi cimene tapempha kwa mnzake wa ku America. Adinde cizindikiro cake, asauze mlendo kuti cinthu ca dzulo cinafukulidwa pamanda a mfumu, asagulitse nchito yake m'dzina la mtundu kapena banja limene silake, ndipo akafunsidwa mbiri ya mkondo anene za ulenje ndi za nkhondo zogwira akapolo zomwe.

Wogula nayenso ali ndi gawo lake, cifukwa wonama amalemera pamene pali anthu okonda kunamizidwa. Musanapereke ndalama pa cinthu ca maonekedwe akale, kaya ndi mpeni, cosema kapena mkanda, funsani zinthu zitatu. Cinapangidwa liti? Anacipanga ndani? Nanga cakale cimene cikutengeredwaco cinkagwira nchito yanji, ndipo kwa yani? Mmisiri woona mtima amayankha mafunso atatuwa mosavuta, ndipo nthawi zambiri amakondwa kuti mwafunsa, popeza akufuna kuti dzina lake lidziwike. Amene akuzemba funso limodzi mwa atatuwa, ikani katundu wake pansi, mupite pa benchi lina.